Tinali maloja pa intaneti: momwe masamba athu amatayikira kampani yosunga mwaulere ikatseka

Azakhali anandiimbira foni Lachitatu usiku, mwambo wotsegulira chiliza cha agogo uli Loweruka lake lomwelo. "Iwe mwana wanga, tikufuna chithunzi cha agogo ako chija agwira njinga, tichiike pa pulogalamu. Paja unati unaziika zonse pa intaneti kuti zisatayike?" Ndinawayankha kuti, "Inde azakhali, musadere nkhawa, mawa m'mawa chikupezani." Nditatsegula kompyuta n'kulemba adiresi imene ndinaidziwa pamtima kwa zaka zambiri, panatuluka tsamba lachilendo lotsatsa malonda. Ndinabwereza kachiwiri, kachitatu, ndikuganiza kuti ndalakwitsa chilembo. Sindinalakwitse. Kampani imene inkasunga tsamba lathu mwaulere inali itatseka kalekale ine osadziwa.

Tsambalo ndinalipanga mu 2006 m'kafe ya intaneti kufupi ndi First Street mu Harare, ndikulipira pa ola. Munali mbiri ya banja lathu: momwe agogo anachokera ku Dedza n'kudzera ku Tete mpaka kufika ku Salisbury, Harare wa lero, m'zaka za m'ma 1950, momwe anakhalira ku Harari, komwe lero timati ku Mbare, asanapeze nyumba ku Mufakose. Ndinasikana chitupa chawo, zithunzi zingapo, komanso masamba oyamba a buku la sosaite yathu ya maliro, momwe munalembedwa mayina a oyambitsa ndi midzi yawo. Munalinso timafayilo tiwiri ta mawu: agogo akufotokoza ulendo wawo, kenako akuimba nyimbo imene ankati ankaimba panjira. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti chinthu chikalowa pa intaneti chafika pamalo osaola. Chikhulupiriro chimenechi n'chimene ndikufuna kuchimasula, chifukwa ndaona kuti ambiri mwa ife tikadali nacho.

Webusaiti si chinthu choyandama m'mlengalenga. Ndi mafayilo, ofanana ndi amene ali mu foni yanu, koma osungidwa pa kompyuta ya munthu wina imene imayaka usana ndi usiku. Kompyuta imeneyi amaitcha seva. Ili m'nyumba yeniyeni, imadya magetsi, imafuna makina oiziziritsa, zosungira zake zimatha n'kufuna kusintha, ndipo pali anthu olandira malipiro kuti aziiyang'anira. Mukalemba adiresi, foni yanu imafunsa kuti dzina limeneli lili pa seva iti, seva ija n'kutumiza mafayilo. Choncho pali zinthu zitatu zosiyana: mafayilo, seva, ndi dzina, limene amati domain. Pa webusaiti yaulere, chanu ndi mafayilo okha. Seva ndi ya kampani, ndipo dzina lanu limakhala lopachikidwa kunsi kwa dzina la kampaniyo.

Munthu wa ku Harare safuna kumuuza zambiri za moyo wa uloja. Mumakhala m'kanyumba kakuseri, makalata anu amafikira pa nambala ya mwininyumba, ndipo tsiku limene iye wagulitsa nyumba, inu mumachoka pamodzi ndi adiresi yanu yomwe. Kusiyana kwake n'kwakuti loja wa ku Highfield kapena ku Mabvuku amapereka lendi, motero ali ndi pakamwa poyankhulira, komanso katundu wake akamutulutsira panja amamuona n'kumunyamula. Loja wa pa intaneti sapereka kanthu, ndipo mawu aatali aja amene tonse timangovomereza osawerenga nthawi zambiri amanena kuti kampani ikhoza kusiya ntchitoyo pamene yafunira, komanso kuti kusunga makope a zinthu zanu ndi udindo wanu. Katundu wake samutulutsira pabwalo. Amafufutidwa.

Nanga kampani imaperekeranji malo mwaulere? Kawirikawiri imayembekezera kupeza ndalama poika zotsatsa malonda pa masamba anu, kapena kuti ena mwa inu mudzatopa ndi malo ochepa n'kuyamba kulipira, kapenanso kuti chiwerengero cha anthu chikakula kampaniyo idzagulidwa pamtengo wabwino. Nkhani ya GeoCities imaonetsa zonsezi. Inayamba mu 1994 ku California, oyambitsa ake David Bohnett ndi John Rezner. Masamba ankagawidwa m'madera okhala ndi mayina ngati Hollywood, Athens, Tokyo ndi Heartland, munthu aliyense n'kupatsidwa nambala ya nyumba, ngati kuti wapeza poloti m'tauni yatsopano. Anthu wamba anadzaza maderawo ndi ndakatulo, mbiri za mabanja, zithunzi za ana, maphikidwe, masamba okumbukira omwalira. Mu 1999 Yahoo inagula GeoCities pa madola opitirira 3.5 biliyoni. Zaka khumi zitadutsa, anthu atatembenukira ku MySpace ndi Facebook, masamba aja sankabweretsanso phindu lofanana ndi mtengo wowasungira. Mu Epulo 2009 Yahoo inalengeza kuti itseka, ndipo pa 26 Okutobala 2009 inatsekadi. Masamba pafupifupi 38 miliyoni ndi amene analipo nthawi imeneyo. Nthambi ya ku Japan yokha inapitirira, nayonso inatseka pa 31 Malichi 2019.

GeoCities sinali yokha. AOL Hometown inatseka kumapeto kwa Okutobala 2008. Posterous inagulidwa ndi Twitter mu 2012, chaka chotsatira pa 30 Epulo n'kuzimitsidwa, chifukwa wogula ankafuna antchito ake, osati masamba a anthu. Google+ inatsekedwa kwa anthu wamba pa 2 Epulo 2019. Ndipo nthawi zina kampani sitseka n'komwe koma katundu amatayika ndithu: mu Malichi 2019 MySpace inavomera kuti posamutsa zinthu kupita pa maseva ena inataya nyimbo zimene anthu anaika pakati pa 2003 ndi 2015, zomwe zinawerengedwa kuti zinali pafupifupi 50 miliyoni za oimba 14 miliyoni. Ngakhale mayina aulere sakhalitsa. Ambiri a ife tinkatenga mayina othera ndi .tk, a zilumba za Tokelau, kudzera ku Freenom, poti sankalipiritsa. Kampaniyi inasiya kulembetsa mayina atsopano mu 2023 itasumiridwa ndi Meta, kampani ya Facebook, pa nkhani ya akuba amene ankagwiritsa ntchito mayinawo, kenako mu 2024 inalengeza kuti ikusiya bizinesiyo. Apa pali chifukwa china chimene malo aulere amafera: chaulere chimakoka ndi akamberembere omwe, otumiza mauthenga achinyengo ndi opanga masamba onamizira mabanki, ndipo kuwathamangitsa kumadya ndalama zimene masamba a anthu abwino sabweza.

Wina anganene kuti makampaniwa amachenjeza. Zoona, ambiri amatero, ndipo Yahoo inapereka miyezi isanu ndi umodzi. Koma chenjezo limayenda pa imelo imene munalembetsera tsiku loyamba, ndipo apa ndi pamene ife a kuno timagwera. Taganizirani Harare wa mu Epulo 2009. Tinali titangotuluka mu 2008, chaka chimene ndalama inkasanduka mapepala isanafike kunyumba, mashelefu a m'masitolo ali mbee, kolera ikupha anthu ku Budiriro ndi ku Glen View. Madola a ku America anali atangoyamba kugwira ntchito ndipo kupeza limodzi kunali kovuta. Ndani akanawononga dola lake m'kafe kuti akaone ngati kampani ya kutali yamulembera kalata? Ine imelo yanga yoyamba inafa m'nyengo imeneyo chifukwa chosaitsegula kwa miyezi yambiri. Kampani imene inkasunga tsamba lathu, pamene inadzatseka pambuyo pake, iyenera kuti inanditumizira chenjezo ku bokosi limene linalibenso mwini. Vutoli silinathe. Kuyambira Disembala 2023, Google ili ndi lamulo loti ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Nambala ya foni nayo ikakhala nthawi yaitali osaigwiritsa ntchito imaperekedwa kwa munthu wina, ndiye mukaiwala pasiwedi, uthenga wokuthandizani kulowanso umakafika m'thumba mwa mlendo.

Pali anthu amene amayesetsa kupulumutsa zinthu nyumba ikamagwa, ndipo ndimawalemekeza kwambiri. Internet Archive, bungwe limene Brewster Kahle anayambitsa mu 1996 ku San Francisco, limajambula masamba a pa intaneti n'kuwasunga, ndipo kuyambira 2001 aliyense akhoza kuwaona kudzera pa Wayback Machine. Palinso gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa Archive Team, limene Jason Scott anayambitsa mu 2009. GeoCities itatsala pang'ono kutsekedwa, iwo anakopera zimene akanatha usana ndi usiku, ndipo mu 2010 anatulutsa mtolo wa magigabayiti pafupifupi 650 kuti aliyense akhale nawo. Sanapulumutse zonse, koma taonani kukula kwa mtolowo: lero ukhoza kukwana pa kachosungira kolowa m'thumba la malaya, kogulidwa ku Gulf Complex. Zimene anthu miyandamiyanda analemba sizinatayike chifukwa chosowa posungira. Zinatayika chifukwa mwini seva sanaone chifukwa chozisungira.

Koma tisadalire kwambiri opulumutsawa, pakuti kagwiridwe ka ntchito yawo kamatisiya ife kumbuyo, ngakhale iwo sachitira dala. Makina ojambula masamba amayenda potsata malinki. Amafika pa tsamba limodzi, n'kuona kumene likuloza, n'kupita kumeneko. Tsamba limene ena ambiri amaliloza limachezeredwa kawirikawiri. Tsamba la Chichewa la banja la ku Mufakose, limene adiresi yake inkayenda pakamwa ndi pa timapepala ta ku tchalitchi, palibe ankaliloza, choncho makinawo ankalipeza mwangozi, kapena osalipeza n'komwe. Komanso akafika, nthawi zambiri amatenga mawu a patsamba loyamba n'kusiya zolemera: zithunzi zazikulu, mawu ojambulidwa, mavidiyo, ndi chilichonse chobisika kuseri kwa pasiwedi kapena chofuna kuti munthu adine batani kaye.

Ndi zimene ndinapeza usiku ule nditalemba adiresi yathu pa Wayback Machine. Tsamba loyamba linalipo, lojambulidwa kamodzi kokha. Mutu wake wobiriwira unalipo, mawu anga olonjera alendo analipo, ngakhale cholakwika changa pa dzina la mudzi wa agogo chinali pomwepo. Koma pamene panali zithunzi panatsala timabokosi topanda kanthu, pansi pa kalikonse pali mawu amene ndinalemba: "Agogo ndi njinga yawo", "Chitupa", "Agogo aakazi pa khomo la nyumba". Nditadina pa "Mverani agogo akuimba", anandiuza kuti tsamba limenelo silinasungidwe. Ndinakhala pamenepo mpaka batire la kompyuta linatha, poti magetsi anali atapita.

Mungafunse kuti nanga zithunzi zenizeni zija zinali kuti. Apa pali msampha umene ndimauona m'mabanja ambiri. Chinthu chikaikidwa pa intaneti, anthu amasiya kusamala choyambirira. Alubamu yathu anaitenga malume popita ku Johannesburg, denga la chipinda chawo linadontha, zithunzi n'kumamatirana. Kaseti ya mawu a agogo inadyedwa ndi wailesi. Kompyuta imene munali makope anga tinaigulitsa mu 2008 kuti tigule ufa. Pa chilichonse cha izi tinkadzitonthoza kuti, "Si kanthu, zili pa intaneti." Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ife tinasiya wa pamphuno n'kudalira wa pachala cha munthu wina.

Kutayika kwa masamba ndi vuto la dziko lonse. Bungwe la Pew Research Center linapeza mu 2024 kuti masamba 38 pa 100 alionse amene analipo mu 2013 sankatsegukanso patapita zaka khumi. Koma ululu wake sufanana. Tsamba la Chingerezi lofotokoza za mpira likatayika, pali ena chikwi onena zomwezo. Zathu sizili choncho. Malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, komabe zolembedwa m'Chichewa za moyo wa ife ana ndi zidzukulu za matchona n'zochepa kwambiri. Ndani analemba za masosaite a maliro a ku Mbare, za madambwe a gule wamkulu ku Mabvuku ndi ku Epworth, za makwaya a mpingo wa CCAP oimba m'chiyankhulo cha makolo pakati pa mzinda woyankhula Chishona, za amayi achiyao ndi misikiti ya m'makomboni? Zambiri zili m'mitu ya okalamba, ndipo ana athu ambiri Chichewa amangochimva koma kuyankha amayankha m'Chishona. National Archives of Zimbabwe pa Borrowdale Road imasunga zambiri za mbiri ya dziko lino, koma tsamba la banja silidziyendera lokha kupita kumeneko. Tsamba lotere likazimitsidwa, nthawi zambiri ndiye kuti kope lokhalo limene linalipo padziko lapansi lapita.

Anzanga ena ndikawauza izi amati, "Ife za mawebusaiti tinasiya, zonse zili pa Facebook ndi pa WhatsApp." Kumeneko n'kusamuka kuchoka kwa mwininyumba mmodzi kupita kwa wina. Akaunti ikhoza kubedwa kapena kutsekedwa, zithunzi zimachepetsedwa mukamaziika moti chimene mudzatenge sichifanana ndi chimene munaika, ndipo makina osunga mbiri aja amavutika kulowa m'malo ofuna pasiwedi. WhatsApp ndiye sisunga n'komwe mauthenga amene afika kale. Amakhala mu foni yanu, ndipo ikabedwa mu kombi popanda kope pa Google Drive kapena iCloud, gulu la banja limatsala ndi zokhazo zimene zili m'mafoni a ena.

Sindikunena kuti malo aulere ndi oipa. Pakanapanda iwo, ine mnyamata wosagwira ntchito sindikanaika chilichonse pa intaneti mu 2006. Chimene ndinasintha n'kaonedwe. Tsopano webusaiti ndimaitenga ngati thebulo la pa msika wa Mbare Musika, poyalira katundu kuti anthu aone, osati nkhokwe. Nkhokwe ili kunyumba. Chithunzi chilichonse chimayamba chakhala pa kompyuta yanga pa ukulu wake wonse, dzina la fayilo likunena amene ali pamenepo, malo ndi chaka. Kope lachiwiri lili pa chosungira china chimene sichikhala cholumikizidwa ku magetsi, poti kubwera kwa magetsi kuno kwapsereza zinthu zambiri. Lachitatu lili kutali, kwa msuweni wanga ku Lilongwe, kuti moto kapena wakuba asatenge zonse tsiku limodzi. Fulashi yokha siyokwanira, imafa osatsanzika. Zofunika kwambiri ndinazisindikiza papepala.

Kwa amene tsamba lake likadali moyo, ntchito yolikopera si yaikulu. Pulogalamu yaulere ya HTTrack imakoka webusaiti yonse n'kuiika pa kompyuta yanu momwe ilili. Amene ali pa WordPress ali ndi potulutsira zolemba zawo zonse mu fayilo imodzi, koma akumbukire kuti zithunzi zimafunika kuzitenga padera. Google ili ndi Takeout, nayo Facebook imalola munthu kutenga kope la zinthu zake. Pa Wayback Machine pali malo olembedwa Save Page Now, pamene mungaike adiresi yanu kuti ijambulidwe nthawi yomweyo, osadikira kuti makina akupezeni mwangozi. Chitani tsamba lililonse palokha, kenako mutsegule kope lija muone ngati zithunzi zalowa. Ndipo mukaona kampani yasiya kulandira anthu atsopano, kapena yagulidwa, kapena yayamba kuchepetsa malo aulere monga inachitira Flickr mu 2019 poika malire a zithunzi 1,000, musadikire kalata.

Kukhala ndi dzina lanulanu kumathandiza pa chinthu chimodzi chachikulu: seva ikafa, mumasamutsira mafayilo kwina adiresi osasintha, ndiye zimene munasindikiza pa makalendala ndi pa zikwangwani zimagwirabe ntchito. Mayina othera ndi .co.zw amayendetsedwa ndi bungwe la ZISPA, a .mw ndi bungwe la Malawi SDNP. Koma nalo dzina ndi lobwereka chaka ndi chaka. Mukadumpha kulipira, pakapita nthawi limagulitsidwa, ndipo si zachilendo kupeza dzina la kwaya likutsegula tsamba la juga. Kuno kulipira makampani akunja kumafuna khadi yokhala ndi ndalama zakunja, chinthu chimene chakhala chikuvuta nyengo ndi nyengo, choncho kwa sosaite kapena mpingo ndi bwino kulipiriratu zaka zingapo ndalama zikapezeka. Chinanso chimene chimapha masamba a magulu athu n'kusiyira zonse mnyamata mmodzi "wodziwa za makompyuta". Iye akapita ku Cape Town kapena akamwalira, pasiwedi imapita naye. Ife ku sosaite tinagwirizana kuti imelo yolembetsera ikhale ya sosaite, ndipo pasiwedi ilembedwe m'buku la alembi, asungichuma akhalenso ndi kope lawo.

Ngati lanu linatayika kale, yambani mwafufuza adiresi yake yeniyeni, chilembo ndi chilembo, chifukwa Wayback Machine imagwira bwino mukaipatsa adiresi yolondola. Yang'anani m'maimelo akale, pa mapulogalamu a maukwati ndi maliro, kumbuyo kwa makalendala a mpingo. Ngati linali pa GeoCities, yesaninso pa OoCities, imodzi mwa malo amene anasunga makope a nthawi ija. Kenako funsani anthu, pakuti amene ankaliwerenga mwina anasungako kanthu.

Ife chithunzi cha njinga chinapezeka motero. Lachinayi ndinalemba uthenga pa gulu la banja, ndipo madzulo mwana wa malume anayankha kuchokera ku Johannesburg kuti mu 2007 anachikopera pa tsamba lija n'kudzitumizira pa imelo imene akuigwiritsabe ntchito. Chinali kakope kakang'ono, kochepetsedwa kuti kazitseguka msanga m'kafe. Osindikiza atakakulitsa, nkhope ya agogo inaoneka ngati ili kuseri kwa chifunga, koma chipewa ndi njinga zinkazindikirika. Loweruka ku manda azakhali anagwira pulogalamu ija nthawi yaitali, kenako anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti, "Nanga nyimbo ija ankaimba panjira, sungatiikire anthu amveko?" Ndinawauza kuti imeneyo sinapezeke. Anagwedeza mutu, n'kuyesa kuiyamba okha chapansipansi, koma anakumbukira mzere woyamba wokha. Sabata yotsatira ndinapita ku Mufakose ndi foni yodzaza batire, n'kuwajambula akuimba mzere umodziwo.